KACHIKHOMO KA M'NSAGWADA

Tsiku lina Loweruka, ndili pakati pochonga mayeso a Fomu 3, ndidamva odi pakhomo. Adali mtsikana amene ndidamphunzitsa zaka zinayi zapitazo, amene tsopano ali pantchito mumzinda. Sadabwere yekha, adatsagana ndi mayi ake. Titalonjerana, mayiwo sadachedwe kunena chimene chidawayendetsa.

"Aphunzitsi, tabwera kuti mutithandize nzeru. Mwana wanuyu akuti dokotala wa mano afuna kumzula mano anayi abwinobwino, amuike mawaya, kenaka amkhomere misomali iwiri m'nsagwada. Ine chibadwire changa msomali ndimaudziwa pathabwa ndi padenga. Kodi munthu wamoyo n'kumkhoma msomali?"

Mtsikanayo ndidamkumbukira bwino lomwe. Mano ake akutsogolo adali otuluka kwambiri kotero kuti milomo sinkakumana popanda kuikakamiza. M'kalasi ankadziwa mayankho koma sankakweza mkono, ndipo akamaseka ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Anzake adampatsa dzina lachipongwe limene sindingalilembe pano. Tsopano adali atasunga ndalama kwa zaka ziwiri, koma sadafune kuchita kanthu mayi ake asadavomere.

Ndidawauza kuti ine ndine mphunzitsi wa sayansi chabe, sindine dokotala, ndipo ndidapempha masabata awiri kuti ndiwerenge. Nditawerenga ndidaona kuti yankho la funso lawo lagona pa lamulo limene ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, ana ena akuodzera kumbuyo kwa kalasi. N'chifukwa chake ndaganiza zogawana nanu nkhaniyi, inu aphunzitsi anzanga ndi inu amene mwangotsiriza kumene sukulu.

DZINO LIMAYENDA BWANJI?

Ambiri timaganiza kuti dzino lidamatirira ku fupa monga momwe njerwa imamatirira ku simenti. Si choncho ayi. Muzu wa dzino umakhala m'kadzenje ka m'fupa la nsagwada, ndipo pakati pa muzu ndi fupa pali kampata kakang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. M'kampatamo muli timinyewa tambirimbiri tonga ulusi, timene mbali ina tagwira muzu ndipo mbali ina tagwira fupa. Mulinso mitsempha ya magazi ndi maselo amoyo. Kunena mwachidule, dzino lapachikidwa m'fupa, ndipo n'chifukwa chake mukaligwedeza ndi chala limasuntha pang'ono ngakhale lili labwino.

Tsono dzino likakankhidwa ndi mphamvu yochepa koma yosalekeza, timinyewa ta mbali imene likulowera timapanikizika, pamene ta mbali inayo timakokeka. Thupi limayankha. Ku mbali yopanikizika kumabwera maselo amene ntchito yawo ndi kudya fupa, ndipo ku mbali yokokeka maselo ena amamanga fupa latsopano. Motero kadzenje konse kamasamuka pang'onopang'ono pamodzi ndi dzino lake, kutsogolo kukugumulidwa, kumbuyo kukumangidwa. Liwiro lake ndi pafupifupi milimita imodzi pamwezi. Mukawonjeza mphamvu mopitirira muyeso simufulumiza kanthu: mitsempha ya magazi imatsekeka, dzino limaima kwa masabata angapo, ndipo nsonga ya muzu ikhoza kudyeka. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yowongola mano imatenga chaka ndi theka, zaka ziwiri, mwinanso kupitirira.

Mawaya amene timawaona m'kamwa mwa anthu, amene pa Chingerezi amati braces, ndiwo amapereka mphamvu yofatsayo. Pa dzino lililonse amamatapo kachitsulo kokhala ndi kangalande, ndipo waya amadutsa m'tingalandeto ngati njanji imene mano amatsata.

VUTO LA NANGULA

M'chaka cha 1687, Isaac Newton wa ku England adasindikiza malamulo ake atatu a kayendedwe ka zinthu. Lachitatu limatiphunzitsa kuti ukakoka chinthu, nachonso chimakukoka ndi mphamvu yofanana. Taganizani za ngalawa ziwiri panyanja. Msodzi wa m'ngalawa yoyamba aponya chingwe kwa mnzake nayamba kukoka. Kodi isuntha ndi ngalawa iti? Zisuntha zonse ziwiri, ndipo zikumana pakati. Ngati afuna kuti ngalawa yachiwiri yokha ndiyo ibwere, ayenera kuyamba waponya nangula, kapena kumangirira ngalawa yake ku mtengo wa pagombe.

M'kamwa zimachitika chimodzimodzi. Tiyeni tiwerenge mano kuyambira pakati kupita kumbuyo. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndiye kuti 8 ku mbali iliyonse, kumwamba ndi kunsi. Nambala 1 ndi 2 ndi mano olumira, nambala 3 ndi dzino losongoka, nambala 4 ndi 5 ndi timano totafunira tating'ono, ndipo nambala 6, 7 ndi 8 ndi mano akuluakulu otafunira. Pofuna kubweza m'mbuyo mano otuluka, dokotala kawirikawiri amazula dzino la nambala 4 ku mbali zonse zinayi. Dzino lililonse limasiya mpata wa mamilimita pafupifupi 7, ndipo mpatawo ndiwo malo amene mano akutsogolo ayenera kulowamo.

Nanga adzawakoka atagwira pati? Njira yachidule ndi kumangirira sipuling'i kapena kamphira ku dzino lalikulu la nambala 6. Koma dzino limenelo nalo lapachikidwa pa timinyewa, ndipo silidziwa kuti ilo laikidwa kukhala nangula. Pamene mano akutsogolo akubwerera m'mbuyo, ilo limasendera kutsogolo ndi kudya gawo la mpata uja, nthawi zina limodzi mwa magawo atatu kapena kupitirira. Kwa munthu amene mano ake atuluka pang'ono, zimenezi zilibe kanthu. Koma kwa amene afunika mpata wonse, monga mtsikana uja, n'kutaya kwakukulu. Mano anayi azulidwa, mipata yatsekeka, ndalama zapita, koma milomo ikadali yosakumana.

NZERU ZA AKALE

Vuto limeneli si lachilendo. Edward Angle wa ku America, amene mu 1899 adagawa kusalongosoka kwa mano m'magulu atatu amene madokotala akugwiritsabe ntchito, adalimbana nalo, ndipo amene adabwera pambuyo pake adayesa njira zosiyanasiyana. Ena ankamanga mano ambiri pamodzi kuti gulu lalikulu likoke gulu laling'ono. Ena ankalumikiza mano akumbuyo a kumanja ndi a kumanzere ndi waya wokhuthala wodutsa kumwamba kwa m'kamwa. Enanso ankakoleka timphira kuchokera ku nsagwada yakumwamba kupita ku yakunsi. Njira zonsezi zimathandiza, ndipo zikugwirabe ntchito mpaka lero, koma m'zonsezi nangula akadali dzino, ndipo dzino limasuntha.

Njira imene idatulutsa nangula kunja kwa kamwa idali ya malamba ovala kumutu kapena m'khosi, imene Norman Kingsley wa ku New York ankaigwiritsa kale ntchito m'zaka za m'ma 1800. Chitsulo chopindika chimachokera ku mano, kutulukira pakamwa, n'kukakoledwa ku malambawo. Mutu sungasunthe chifukwa cha kasipuling'i, choncho nangula ameneyu ndi wolimba. Koma chipangizochi chiyenera kuvalidwa maola 12 mpaka 14 tsiku lililonse kwa miyezi yambiri. Aphunzitsi anzanga, ife amene timavutika kuti mwana avale tayi kuyambira m'mawa mpaka masana, tingamvetse msanga chimene chinkachitika. Ana ambiri ankachivula, ndipo akuluakulu a pantchito ankachikaniratu. Padalinso ngozi zina zimene chitsulo chidafwamphuka n'kuvulaza diso. Nangula adalipo, koma adadalira kumvera kwa wodwala.

AGALU, AKALULU NDI ANTHU

Maganizo ogwira fupa lenilenilo adayesedwa koyamba mu 1945 ku yunivesite ya Iowa ku America. Gainsforth ndi Higley adalowetsa masikuluwu a chitsulo chotchedwa vitallium m'nsagwada za agalu nayesa kukoka mano. Masikuluwu onse adagwedera ndi kuchoka pofika mwezi umodzi, ndipo kwa zaka zambiri anthu adaiika pambali nzeruyi.

Thandizo lidachokera kwina. Mu 1952, Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden ankafufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu, ndipo adaika tizipangizo ta chitsulo cha titaniyamu m'miyendo yawo. Pofuna kutichotsa adapeza kuti fupa lamera n'kugwirana ndi chitsulocho. Thupi silidachikane monga limakanira zitsulo zina. Mu 1965 mumzinda wa Gothenburg adaika mizu ya titaniyamu m'nsagwada ya munthu woyamba kuti igwire mano oikirira, ndipo mizuyo idakhala zaka 40 mpaka mwini wake adamwalira.

Akatswiri owongola mano adaona mwayi. Chitsulo chimene chakhala m'fupa chilibe timinyewa tija, ndipo popanda timinyewa palibe chimene chimauza thupi kuti ligumule kutsogolo ndi kumanga kumbuyo. Choncho mphamvu imene imayendetsa dzino siyendetsa chitsulocho. Mu 1983, Creekmore ndi Eklund ku America adaika sikuluwu m'fupa la m'munsi mwa mphuno ya wodwala, namangirirapo kamphira kamene kadakweza mano akutsogolo pafupifupi mamilimita 6, sikuluwu ili chilili. Ena adayesa mizu ikuluikulu yonga ya mano oikirira, koma idali yokwera mtengo, inkafuna opaleshoni poika ndi pochotsa, ndipo munthu ankadikira miyezi kuti fupa ligwire.

Kusintha kwenikweni kudachitikira kum'mawa kwa Asia. Mu 1997, Ryuzo Kanomi wa ku Japan adalongosola kasikuluwu ka titaniyamu kokhuthala mamilimita 1.2 okha, kamene kadatha kulowa pakati pa mizu ya mano. Mu 1999, gulu la Junji Sugawara la ku yunivesite ya Tohoku mumzinda wa Sendai lidaonetsa tizitsulo taphanthiphanthi tomangiridwa pa fupa la nsagwada. Ku South Korea, Hyo-Sang Park ndi Hee-Moon Kyung a ku yunivesite ya Kyungpook mumzinda wa Daegu adakonza timasikuluwu tosavuta kuika, naphunzitsa madokotala a m'maiko ambiri. Pofika zaka zoyambirira za m'ma 2000, njirayi idali itafala pa dziko lonse. Madokotala amatitchula mwachidule kuti TAD, mawu a Chingerezi otanthauza nangula wa kanthawi. Ine ndidzikatcha kachikhomo, pakuti ntchito yake ndi yofanana ndi ya chikhomo chimene timamangirirapo mbuzi kudambo m'mawa, madzulo n'kuchizula.

KAMAIKIDWA MOTANI?

Kachikhomo kameneka ndi kamsomali kamazinga, kokhuthala pakati pa mamilimita 1.2 ndi 2, kotalika pakati pa mamilimita 6 ndi 12. Ndiye kuti n'kopyapyala kuposa mtengo wa machesi ambiri, ndipo kutalika kwake sikufika ngakhale theka la mtengo wa machesiwo. Tambiri timapangidwa ndi titaniyamu wosakaniza ndi zitsulo zina pang'ono kuti tisathyoke msanga. Kamutu kake kamatsalira kunja kwa nkhama, ndipo kali ndi kakhosi kapena kabowo kokolekapo sipuling'i.

Dokotala amayamba wajambula nsagwada ndi X-ray kuti aone pamene mizu yatalikirana. Malo amene amakonda kusankha ndi pakati pa muzu wa dzino la nambala 5 ndi wa nambala 6, kapena kumwamba kwa m'kamwa chakutsogolo, kumene fupa ndi lokwanira ndipo mizu ili kutali. Amabaya mankhwala ochepa ochititsa dzanzi pankhama, kenaka amalowetsa kachikhomo pokazungulitsa pang'onopang'ono ndi chipangizo cha m'manja. Pano mpamene mayi aja adalakwitsa: sipagwira hamala, kachikhomo sikakhomedwa koma kupotokoleredwa. Ntchito yonse imatenga mphindi zochepa. Wodwala amamva kupanikizika koma osati ululu weniweni, ndipo madokotala ambiri amachita dala kuika mankhwala a dzanzi ochepa kuti kachikhomo kakayandikira muzu, wodwalayo amve nanene.

Pali kusiyana kumodzi kofunika ndi mizu ya Brånemark. Muzu wogwira dzino loikirira umapangidwa wokhakhala kuti fupa liugwire mpaka kalekale. Kachikhomo kamapangidwa kosalala, ndipo kamalimba makamaka chifukwa mazinga ake aluma chikamba cholimba cha kunja kwa fupa, monga sikuluwu imalumira thabwa. Pa chifukwa chimenechi kakhoza kuyamba kukoka tsiku lomwelo kapena patapita masiku ochepa, ndipo ntchito ikatha dokotala amangokapotokola chobwerera m'mbuyo, kawirikawiri popanda ngakhale jekeseni. Kabowo kotsala kamapola m'masiku owerengeka.

Mphamvu imene kamasenza ndi yochepa. Pobweza mano akutsogolo, sipuling'i imakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa magalamu 150 mpaka 200 ku mbali iliyonse, monga kulemera kwa madzi a m'kapu yaing'ono ya tiyi. Chofunika n'chakuti mphamvuyo ikhalepo usana ndi usiku, ndipo wodwala sangaivule n'kuibisa m'chikwama.

NTCHITO ZAKE

Ntchito yoyamba ndi imene taikamba kale: kubweza mano asanu ndi limodzi akutsogolo m'mpata wonse wa mano ozulidwa, mano akumbuyo ali m'malo mwawo.

Yachiwiri ndi kukankhira dzino m'kati mwa fupa, ntchito imene kale idali yovuta kuposa zonse. Pali anthu amene akaluma, mano akumbuyo amakumana koma akutsogolo amasiya mpata, kotero kuti sangadule nyama kapena mzimbe ndi mano akutsogolo. Kale munthu wamkulu wotere ankafunika opaleshoni yodula nsagwada. Tsopano kwa ena a iwo dokotala amaika tizikhomo n'kukankhira mano akumbuyo m'fupa mamilimita awiri kapena atatu. Nsagwada yakunsi imayenda ngati chitseko pa mahinjesi, choncho chimene chidaitchinga kumbuyo chikachepa, kutsogolo kumatsekeka.

Yachitatu imakhudza ambiri a ife. Munthu akazulitsa dzino la nambala 6 lakunsi nasiya malowo opanda kanthu, pakapita zaka dzino la nambala 7 limapendekera m'mpatamo, ndipo dzino lakumwamba limene lidataya mnzake wolumana naye limatsika. Tsiku limene munthuyo adzafune dzino loikirira, malo adzakhala atatsekeka mokhota. Kachikhomo kamodzi kapena tiwiri tikhoza kuimika dzino lopendekeralo ndi kubweza lotsikalo, popanda kuika mawaya m'kamwa monse. Nthawi zina dokotala amakokera mano a nambala 7 ndi 8 kutsogolo kuti atseke mpatawo, ndipo munthu safunanso dzino loikirira.

Yachinayi ndi kufutukula nsagwada yakumwamba imene ili yopanikizika. Mwa ana msoko wa pakati pa fupa limeneli ndi wofewa ndipo umatseguka mosavuta. Mwa achinyamata okulirapo umakhala utalimba, ndiye madokotala amagwiritsa chipangizo chofutukulira chimene chamangiridwa pafupa ndi tizikhomo tinayi.

SIKALI KOPANDA ZOVUTA

Ndikadakhala wonama ndikadauza mayi aja kuti palibe choopa chilichonse. Vuto lofala ndi kugwedera. Mu 2012, Papageorgiou ndi anzake adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana, wokhudza tizikhomo pafupifupi 5,000, napeza kuti 13 kapena 14 mwa 100 tilitonse tidalephera. Tidalephera kwambiri m'nsagwada yakunsi kusiyana ndi yakumwamba. Kachikhomo kakagwedera si tsoka lalikulu, pakuti dokotala amakachotsa n'kuika kena pamalo ena, koma nthawi ndi ndalama zimawonjezereka.

Kakhozanso kukhudza muzu wa dzino. Kukhudza pang'ono kumapola kachikhomo kakachotsedwa msanga, koma kuboola muzu kukhoza kupha dzino. Kakhoza kuthyoka ngati kapotokoledwa mwamphamvu m'fupa lolimba. Kumwamba kakhoza kulowa m'mphako ya mpweya imene ili pamwamba pa mizu ya mano akumbuyo, ndipo kunsi kuli mtsempha wa lilime ndi wa mlomo umene uyenera kupewedwa. Zonsezi zikutiuza kuti ntchitoyi ndi ya munthu amene adaiphunzira, amene ali ndi X-ray ndi zipangizo zophikidwa bwino.

Mbali ina ili m'manja mwa wodwala. Zakudya zikaunjikana pa kamutu, nkhama zimatupa, fupa lozungulira limafooka, ndipo kachikhomo kamagwedera. Ayenera kutsukapo mofatsa ndi mswachi wofewa tsiku lililonse, kuchukucha ndi mankhwala amene dokotala wapereka, ndi kuleka kuseweretsa kamutuko ndi lilime kapena chala. Osuta fodya kwambiri amataya tizikhomo kawirikawiri kuposa osasuta. Ana ochepera zaka 11 kapena 12 saikidwa kawirikawiri chifukwa fupa lawo ndi lofewa ndipo mano ena akadali m'kati. Odwala shuga amene sakutsika, odwala matenda a nkhama, ndi amene akumwa mankhwala ena a mafupa ayenera kuuza dokotala asadayambe.

Tisaiwalenso kuti anthu ambiri ovala mawaya safuna kachikhomo konse. Ndipo ngakhale kachikhomo kagwire bwino ntchito, mano amafuna kubwerera kumene adachokera. Mawaya akachoka, munthu amavala chipangizo chosungira mano m'malo mwake, makamaka usiku, kwa zaka zambiri.

NANGA KWATHU KUNO?

Wina afunsa kuti zimenezi zikutikhudza bwanji m'dziko limene ambiri amapita kwa dokotala wa mano pokhapokha dzino litawagoneka m'maso. Funsolo n'loona. Madokotala a mano ndi ochepa m'Malawi, ndipo ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi madokotala othandiza amene kawirikawiri amalandira munthu dzino litaonongeka kale, loyenera kuzula. Kuwongola mano kumapezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu, ndipo mtengo wake si wa munthu wamba.

Komabe zinthu zayamba kusuntha. Mu 2019, College of Medicine ku Blantyre, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland, idayamba kuphunzitsa digiri ya udokotala wa mano kwa nthawi yoyamba m'dziko muno. Sukuluyi idakhala gawo la Kamuzu University of Health Sciences mu 2021, ndipo mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa. Inu amene mwakhoza bwino sayansi ndi masamu, dziwani kuti khomo limeneli lilipo. Kuwongola mano ndi ntchito ya munthu wokonda fizikisi, pakuti tsiku lililonse amawerengera kukula kwa mphamvu, kumene ikulowera, ndi pamene iyenera kugwira.

Kwa aphunzitsi ndili ndi mapempho atatu. Loyamba ndi la dzino la nambala 6. Limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano a ubwana, popanda dzino lina kugweruka. Makolo ambiri amaliyesa la ubwana, ndipo likabooka amati lidzaphukanso lina. Silidzaphukanso. Mukaphunzitsa ana ndi makolo kuliteteza potsuka kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, ndi pochepetsa maswiti ndi zakumwa za shuga, mwapulumutsa anthu ambiri ku mavuto amene kachikhomo kamadzakonza pa mtengo waukulu. M'mera mpoyamba.

Lachiwiri ndi lakuti tisasokoneze maonekedwe athu ndi matenda. Mano otsogola pang'ono ndi milomo yodzaza ndi chibadwa cha anthu ambiri a mu Africa, ndipo mpata wa pakati pa mano akutsogolo ambiri a ife timauyesa kukongola. Dokotala wanzeru sayeza nkhope ya Mmalawi ndi muyeso wa nkhope ya Mzungu. Chithandizo chimafunika pamene milomo sikumana, kutafuna kapena kulankhula kukuvuta, mano akuvulaza nkhama, kapena pamene atuluka kwambiri moti akhoza kuthyoka mwana akagwa.

Lachitatu ndi la chipongwe. Ine ndidamva dzina limene ana adapatsa mtsikana uja, ndidadzudzula kamodzi, n'kupitiriza phunziro. Ndidazindikira kulemera kwake pamene ndidamuona atasunga malipiro a zaka ziwiri kuti alichotse.

ZIMENE NDIDAWAUZA

Patapita masabata awiri adabweranso. Ndidatenga mabotolo awiri opanda kanthu ndi kamphira, ndidawakoleka, ndipo mabotolo onse adasendererana patebulo. Kenaka ndidakoleka kamphirako ku msomali wa pawindo, ndipo lidasuntha botolo limodzi lokha.

"Mayi," ndidatero, "ngati mwana azulitsa mano anayi popanda chogwirira cholimba, mano akumbuyo adzadya malo amene iye walipira. Kachikhomo kali pamenepo kuti mano ozulidwawo asapite pachabe. Koma ine sindidaone m'kamwa mwake monga dokotala adaonera. Bwererani nonse awiri mukafunse."

Ndidawalembera mafunso. Kodi dokotalayo adalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo adaphunzira ntchito yowongola mano? Kodi pali njira ina yopanda tizikhomo, ndipo zotsatira zake zingasiyane bwanji? Tidzaikidwa pati, ndipo tidzakhala miyezi ingati? Kamodzi kakagwedera, adzalipira ndani? Nanga mtengo umene watchulidwa ukuphatikiza chipangizo chovala pambuyo pake? Ndidawachenjezanso za anthu osaphunzira amene amamata mawaya okongoletsa m'kamwa mwa achinyamata pa mtengo wotsika. Waya wopanda dongosolo amasunthabe mano, koma amawasunthira kumene palibe amene wakonza.

Mayiwo adayang'ana mabotolo aja kwa kanthawi, kenaka adati, "Ndamva, aphunzitsi. Koma tsiku loikalo ndidzakhala pomwepo."

Adakhalapodi. Kachikhomo ka kumanzere kadagwedera patapita masabata asanu ndipo kadaikidwanso pamalo ena, monga zimachitikira mwa odwala ena. Ka kumanja sikadavute. Pamene ndikulemba nkhaniyi mipata yatsala pang'ono kutsekeka, ndipo mtsikanayo ali ndi miyezi ingapo kuti mawaya achoke. Mabotolo awiri aja ndidawasunga m'kabati ya ku labotale, ndipo chaka chino ndidayamba nawo phunziro la lamulo lachitatu la Newton.